Mmisiri amene anayeza moto asanamasule chilichonse: ndemanga pa kukonzedwa kwa switchi ya iginishoni ya pikiapu yakale

Ndikulemba ndemanga iyi patatha miyezi isanu chikonzedwere pikiapu yanga, ndipo ndachedwa dala, chifukwa vuto la magetsi a galimoto limadziwika kuti latheratu pokhapokha galimotoyo itayendanso m'misewu yokumbika, padzuwa ndi pamvula, popanda kuyambiranso khalidwe lake lakale. Pikiapuyi ndi ya dizilo, inapangidwa mu 1994, ndipo yayenda makilomita opitirira 400,000. Amene anaikonza ndi bambo wina wachikulire, mmisiri wa magetsi a galimoto, amene ali ndi galaja yaing'ono ndi anyamata awiri owathandiza. Ntchito yawo inandikhutiritsa kwambiri, ngakhale pali zinthu zingapo zimene sizinandisangalatse, ndipo ndizitchula zonse.

Vutoli linayamba mwakachetechete. Nthawi zina ndikapotoza kiyi kufika pa ON, nyali za pa dashibodi zinkayaka mofooka kapena kuphethira, ndipo ndikagwedeza kiyiyo pang'ono zinkawala bwino. Patapita milungu ingapo injini inayamba kuchita chinthu chimene chinandisokoneza maganizo: inkalira bwinobwino kiyi ali pa START, koma ndikangomusiya kuti abwerere pa ON, inkazima nthawi yomweyo ngati wina waitsekera mafuta. Masiku ena, makamaka galimoto ikakhalitsa padzuwa, ndikapotoza kiyi pankangoti zii, sitata osatembenuka. Chimene chinandichititsa mantha kwenikweni ndi tsiku limene injini inazima ndili paulendo, pikiapu itanyamula katundu, nditangodutsa pamalo a mabampu. Chiwongolero chinalemera mwadzidzidzi, ndipo ndinadziwa kuti mabuleki atsala ndi mphamvu yopondera kamodzi kapena kawiri basi, popeza pampu imene imawapepukitsa imayendetsedwa ndi injini yomwe yazimayo.

Ndisanafike kwa bambowa ndinali nditapita kale kumalo awiri. Koyambako anangomva kuti galimoto ikuvuta kulira, nandiuza kuti batire latha, ndipo ndinagula latsopano popanda wina kuyeza lakalelo. Kwachiwiri anamasula sitata, anasintha mabulashi ake, naibwezera, ndipo galimoto inalira pamaso pawo, zimene zinaoneka ngati umboni woti vuto lapezeka. Patangotha masiku anayi zonse zinabwerera mwakale. Nditadandaula, anandilangiza kuti adule mawaya a kiyi, aike switchi yapadera ndi batani lolizira pa dashibodi. Njira imeneyi ndi yofala pa magalimoto akale ndipo imalizadi injini, koma ine ndinakana, chifukwa imasiya galimoto yoti aliyense akhoza kuiliza, komanso imangobisa chimene chinayambitsa vutolo.

Chinthu choyamba chimene chinandisonyeza kuti ndafika pamalo ena ndi chakuti bambowa sanatsegule boneti msanga. Anakhala nane pambali pa galimoto nayamba kufunsa mafunso: vuto limabwera injini ili yozizira kapena yotentha, wailesi ndi fani zimazima nazo kapena ayi, ndinamvapo fungo lililonse pafupi ndi chiwongolero. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsapo. "Bambo, injini ikazima paulendo, nyali zofiira zija za oyilo ndi za batire zimayaka, kapena dashibodi yonse imakhala mdima?" Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti tsiku la pamabampu lija dashibodi inali mdima. Iwo anati, "Ndiye kuti si mafuta, bambo. Injini ikazima chifukwa cha dizilo kapena mpweya m'mapaipi, kiyi ali pa ON, nyali zimenezo zimayaka. Zikakhala zozima ndiye kuti moto ukuduka usanafike pa dashibodi." Ndi funso limodzi limeneli anali atachotsa kale pampu ya dizilo, fyuluta ndi thanki pa mndandanda wa zokayikitsa, asanagwire ngakhale sipanala.

Komabe sanathamangire kunena kuti ndi switchi. Anayambira pa batire ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, napeza ma volt 12.6 injini ili yozima, chimene chili chizindikiro cha batire lodzaza. Pa nthawi imene sitata inavomera kutembenuka, mphamvuyo inatsika kufika pa 10.5, ndipo anandiuza kuti amayamba kukayikira batire ikatsika kupitirira 9.6. Anayeza mitu ya batire, waya wa earth wopita ku bodi ndi wopita ku injini, ndiponso fyuzi yaikulu yapafupi ndi batire imene imadyetsa switchi ya kiyi. Ponseponse moto wotayika panjira unali wochepa kwambiri. Ndinaona kuti fyuziyo sanangoiyang'ana ndi maso, anaigwedezanso multimeter ili yolumikiza, chifukwa fyuzi yakale ikhoza kung'aluka mkati koma kunja ikuoneka yabwino, nkumaduka pokhapokha galimoto ikagwedezeka.

Atatsimikiza kuti moto ukuchoka ku batire uli wokwanira, mpamene anamasula chivundikiro cha pulasitiki chapansi pa chiwongolero. Apa anandifotokozera chinthu chimene eni magalimoto ambiri sitichidziwa, chakuti pamene timalowetsa kiyi pali zipangizo ziwiri zosiyana. Kutsogolo kuli loko, amene amisiri amamutcha barrel, wokhala ndi timapini togwirizana ndi mano a kiyi, ndipo ndi yemweyo amene amatseka chiwongolero kiyi akachotsedwa. Kumbuyo kwake kuli switchi yeniyeni ya magetsi, kachipangizo kozungulira kokhala ndi timikuwa tokhudzana mkati, kamene kamatembenuzidwa ndi kachitsulo kotuluka mu loko uja. Switchiyi imalandira moto kuchokera ku batire nkumaugawa molingana ndi pamene kiyi waima. Pa ACC imadyetsa wailesi ndi zina zazing'ono. Pa ON imadyetsanso dashibodi, relay (kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi) ya ma heater plug otenthetsa injini isanalire, ndi solenoid (kachipangizo kokoka ndi maginito kakalandira moto) yapa pampu ya dizilo imene imatsegula njira ya mafuta. Pa START imatumiza moto ku solenoid ya sitata, nidula kaye wa ACC kuti mphamvu yonse ipite kolizira injini, ndipo kiyi akasiyidwa sipulingi imamubwezera pa ON. Pa magalimoto ambiri a ku Japan mawaya amenewa amalembedwa AM kapena B (wochokera ku batire), ACC, IG (wa iginishoni, wa pa ON) ndi ST (wa sitata), pamene magalimoto otsatira muyezo wa ku Germany wa DIN 72552 amagwiritsa ntchito manambala: 30 ndi moto wochokera ku batire, 15 ndi moto wa iginishoni, 50 ndi wa sitata.

Gawo la ntchito limene ndikuliyamikira koposa ndi mmene anayezera switchiyo. Sanaizule kuti ayeze ma ohm (muyezo wosonyeza ngati magetsi akudutsa mosavuta) ili pa tebulo, monga ndinkayembekezera. Analowetsa mapini a multimeter kumbuyo kwa pulagi, zonse zili zolumikiza, nandiuza kuti ndiyatse fani, mawaipa ndi nyali zonse zimene zimadalira kiyi. Nditafunsa chifukwa chake, anati multimeter ikamayeza ma ohm imatumiza timagetsi tochepa zedi, ndiye ngakhale mkuwa utapsa nkutsala kachidutswa kakang'ono kokhudza, imasonyeza kuti njira ili bwino. Anayerekeza ndi paipi yoti yatsekeka ndi dzimbiri: madzi amadontha ndithu, ndipo wongoyang'ana anganene kuti madzi alipo, koma ndowa siingadzaze. Vuto limaonekera pokhapokha switchi itasenza katundu wake wa masiku onse. Pa waya wolowa panali ma volt 12.4 osasunthika, koma pa waya wa IG pankatuluka 10.8 okha, kutanthauza kuti ma volt 1.6 ankatsalira mkati mwa switchi, pamene yabwino siyenera kutaya oposa 0.2 kapena 0.3. Atagwedeza kiyi ndi chala chimodzi, nambalayo inagwa kufika pa 7, kenako pa ziro, dashibodi nkuchita mdima, ndendende monga zinachitikira paulendo paja.

Moto wotsalira mkatiwo susowa chabe, umasanduka kutentha. Anayeza ndi chipangizo chomata pa waya napeza kuti mu switchimo munkadutsa ma amp pafupifupi 15, ndipo tikachulukitsa ndi ma volt 1.6 aja timapeza ma watt 24. Babu la indiketa ndi la ma watt 21, ndipo aliyense amene analigwirapo litayaka kwa kanthawi akudziwa mmene limawotchera. Kutentha koteroko kunali kukusonkhana pa kamkuwa kochepa ngati njere, mkati mwa pulasitiki, nthawi yonse imene ndinkayendetsa usiku. Pamenepo ndinakumbukira kafungo ka pulasitiki yopserera kamene ndinkamva nthawi zina nkumaganiza kuti kakuchokera kunja.

Mbali ya START anaiyezanso chimodzimodzi. Pa pikiapu yangayi waya wa ST amapita molunjika ku solenoid ya sitata popanda relay pakati, ndipo solenoid imeneyi imakoka magetsi ambiri pa kamphindi koyamba pamene ikukankha giya yaing'ono ya sitata kuti ilume pa flywheel, gudumu la mano limene limatembenuza injini. Anayeza potulukira pa switchi ndi pofikira pa solenoid, napeza kuti nambala zake ndi zofanana, zonse zotsika, zimene zinasonyeza kuti waya wapakati alibe mlandu. Anandiuza kuti pa magalimoto okhala ndi switchi ya pa kilachi, kapena a otomatiki amene amalira giya ili pa P kapena N pokha, amayezanso pamenepo, chifukwa switchi zimenezo zikafa zimapereka chizindikiro chomwecho cha kungoti zii. Yanga ilibe zimenezi, choncho anadumpha.

Ngakhale umboni unali utachuluka chonchi, anachitanso mayeso awiri otsiriza. Poyamba anatenga waya wamfupi wokhala ndi fyuzi pakati, nalumikiza moto wolowa ndi waya wa IG, kulambalala switchi. Injini inalira, ndipo anagwedeza kiyi, kumenya chiwongolero ndi chikhatho, kukoka mawaya, koma sinazime. Kenako anachotsa mutu wa negative pa batire, namasula tisikuluu tiwiri timene timagwira switchi kumbuyo kwa loko, anabwezera batire, natembenuza switchiyo ndi sikuludiraiva popanda kiyi. Vuto linalipobe. Mayeso amenewa ndi ofunika chifukwa nthawi zina switchi imakhala yabwino koma kachitsulo ka loko katha, motero sikaitembenuza mokwanira, ndipo munthu akasintha switchi yokha amabwerera ndi dandaulo lomwelo. Pano zinatsimikizika kuti loko akugwira ntchito yake, wolakwa ndi switchi. Zimenezi zinapulumutsanso ntchito yaikulu, popeza loko wa chiwongolero amamangidwa ndi mabawuti amene mitu yake imathyoka dala pomanga kuti akuba asamasule, ndipo kuwachotsa kumafuna kuboola kapena kusema ndi tchizulo.

Mmisiri wina akanaimira pomwepo, nkugula switchi yatsopano. Bambowa anafunsa kuti nchifukwa chiyani switchiyo inapsa chotero, chifukwa ukalamba wokha umadya mkuwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri susungunula pulasitiki. Potsatira waya wa IG pansi pa dashibodi anapeza pamene wina anasenda nkupotera waya wina, nakulunga ndi tepi. Waya ameneyo ankapita ku nyali ziwiri zoonjezera zakutsogolo, zimene ndinazipeza kale pogula galimotoyo, iliyonse ya ma watt 55. Nyali ziwirizo pamodzi zimakoka ma amp oposa 9, ndipo onsewo ankadutsa mu switchi ya kiyi popanda relay, popandanso fyuzi yakeyake. Switchi inapangidwa kuti isenze katundu amene opanga galimoto anawerengera, ndipo kwa zaka zambiri yangayi inkasenza woposa pamenepo. Pulagi yake nayo inali itasanduka yofiirira pa mapini awiri, ndipo timikuwa take tinali titafutukuka, osagwiranso mwamphamvu. Anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikaika switchi yatsopano pa pulagi yotero ndi nyali zolumikizidwa chotero, nayonso ipsa.

Nditawapempha, anatsegula switchi yakaleyo kuti ndione mkati. Timikuwa tinali takuda ndi tokumbikakumbika, girisi atauma nkukhala ngati dothi, ndipo pansi pa kamkuwa ka IG pulasitiki inali itafewa mpaka kasipulingi kokakankhira mmwamba kanamira. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chimene injini inkalirira pa START nkuzima pa ON. Kiyi akafika pa START, mbale ya mkuwa imasuntha nkukhudza pamalo ena amene anali asanapse kwambiri, solenoid ya pa pampu imalandira moto, mafuta amadutsa. Akabwerera pa ON, mbaleyo imagwera pamalo opsa aja, solenoid imatseka, injini imazima. Pa galimoto yakale ya petulo chizindikiro chomwechi chikhoza kuchokeranso ku ballast resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku coil ya mapulagi, kamene kamalambalalidwa pa nthawi yoliza, ndiye mwini galimoto yotero asangoti ndi switchi asanayeze.

Kupsa kwa switchi ya iginishoni si nkhani yoichepetsa. Mu 1996 kampani ya Ford inaitana eni magalimoto pafupifupi 8.7 miliyoni ku United States ndi Canada kuti awabweretse akonzedwe, kuphatikizapo mapikiapu a F-Series, chifukwa switchi zake zinkatha kuchita shoti mkati nkuyambitsa moto weniweni wa malawi pa chiwongolero, nthawi zina galimoto ili yoima. Waya wolowa mu switchi amakhala ndi moto usana ndi usiku, kiyi alipo kapena palibe, ndipo nchifukwa chake fungo la pulasitiki pamalo amenewo liyenera kufufuzidwa tsiku lomwelo.

Tsopano ndifike pa zimene sizinandisangalatse. Anandipatsa mwayi wosankha pakati pa switchi yochotsedwa ku galimoto ina yakufa, yatsopano yosadziwika wopanga, ndi yatsopano ya wopanga wodziwika yofunika kuitanitsa. Anandilangiza yachitatuyo, ponena kuti yogwiritsidwa kale ntchito ili ndi zaka zofanana ndi imene yafayo, ndipo zosadziwikazo nthawi zambiri mkuwa wake ndi wopyapyala. Ndinavomera, ndipo anandilonjeza kuti galimoto ikhala yokonzeka mawa lake madzulo. Nditafika pa nthawiyo ndinapeza chiwongolero chili chivundukulire, chifukwa switchi imene inabwera inali ndi pulagi yosiyana ndi yanga. Kulakwitsa koteroko kumachitika pa magalimoto akale, popeza mtundu umodzi umatha kukhala ndi switchi zosiyana pakati pa wa dizilo ndi wa petulo kapena pakati pa chaka ndi chaka, ndipo ndikuwayamikira kuti anaibweza m'malo modula mawaya kuti aikakamize. Chimene chinandipweteka ndi chakuti anadziwa zimenezi kuyambira m'mawa koma palibe anandiimbira foni, ndipo ndinataya ulendo ndi theka la tsiku la ntchito. Ndikukhulupiriranso kuti akanatumiza nambala ya chassis kapena chithunzi cha pulagi poitanitsa, kulakwikaku kukanapeweka. Switchi yoyenera inafika patatha masiku ena awiri, ndipo ulendo uno anaimba.

Kumanga kwake ndinakuonerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kunali kwaukhondo. Anachotsa kaye mutu wa negative. Pikiapu yanga ilibe airbag, koma anachenjeza anyamata awo ine ndikumva kuti pa galimoto yokhala nayo ayenera kudikira nthawi imene buku la galimotoyo lanena asanagwire chilichonse pa chiwongolero, ndiponso asamayeze mawaya achikasu a airbagyo. Timikuwa tiwiri topsa ta mu pulagi anatizula naika tatsopano, atadula waya mpaka pamene mkuwa unali wowala. Pamene panasendedwa paja anakonza nkuphimba ndi kapaipi kofota ndi kutentha. Nyali zoonjezera zija anazipatsa waya wakewake wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, kudzera mu relay wamba ya mapini anayi: moto waukulu umalowa pa 30 nkutuluka pa 87, pamene 85 ndi 86 zimangolandira timagetsi tochepa toikoka. Mwa njira imeneyi switchi ya kiyi imangopereka lamulo, katundu amasenza ndi relay. Anandifunsa ngati ndingalole kuti aikenso relay ina pa waya wa sitata pa chifukwa chomwecho, nandifotokozera kuti si yokakamiza koma italikitsa moyo wa mbali ya START. Ndinalola. Ndinakondwera kuti anayamba afunsa asanasinthe kalumikizidwe ka galimoto yanga, ndipo anamata kapepala pa relay iliyonse kosonyeza ntchito yake kuti mmisiri wina wam'tsogolo asadzasokonezeke.

Asanatseke chivundikiro anabwereza mayeso onse aja. Moto wotayika pa IG unatsika kuchoka pa 1.6 kufika pa 0.1, katundu yense ali woyaka. Anaona ngati kiyi akubwerera yekha kuchoka pa START, chifukwa akakakamira pamenepo sitata imapitiriza kuluma injini ikuyenda, ndipo imawonongeka m'mphindi zochepa. Anaona ngati wailesi ikuzima pa nthawi yoliza nkuyakanso, ngati nyali ya ma heater plug ikuyaka nkuzima pa nthawi yake, ngati injini ikuzima kiyi akabwezedwa, ngati chiwongolero chikutseka kiyi atachotsedwa. Pomaliza anayeza alternator napeza ma volt 14.1 injini ikuyenda, kenako tinakwera limodzi nkukadutsa dala pa msewu wa mabampu, iwo dzanja lili pa kiyi kumugwedeza.

Tili paulendo woyesawo anayang'ana mulu wa makiyi amene ndinkapachika pa kiyi wa galimoto, makiyi asanu ndi anayi pamodzi ndi kampeni kopinda, nandiuza mwaulemu kuti ndiwachotse. Kulemera kumeneko kumakoka kiyi pansi pa bampu iliyonse, kumadya timapini ta loko, ndipo kumagwedeza switchi kumbuyo. Malangizowa ali ndi maziko enieni. Mu 2014 kampani ya General Motors inaitanitsa kuti akonzedwe magalimoto ang'onoang'ono pafupifupi 2.6 miliyoni, monga Chevrolet Cobalt ndi Saturn Ion, chifukwa switchi zake zinkatha kuchoka pa malo oyendera kupita pa ACC galimoto ikuthamanga, makamaka makiyi akakhala olemera kapena galimoto ikagunda bampu. Injini inkazima, chiwongolero ndi mabuleki nkulemera, ma airbag osaphulika pa ngozi, ndipo thumba la chipukuta misozi limene kampaniyo inakhazikitsa linavomereza imfa 124. Eni magalimoto amenewo anauzidwa kuti achotse chilichonse pa kiyi podikira kukonzedwa. Vuto la magalimoto amenewo linali la kapangidwe, pamene langa linali la ukalamba ndi kalumikizidwe koipa, koma mathero ake pamsewu ndi amodzi, ndipo ine ndinawalawa pang'ono tsiku la pamabampu lija. Anandiuzanso kuti kiyi wanga mano ake atha, ndipo ndikafuna wina ndisakopetse wakuthayo, chifukwa makina okopera amatsanzira kutha komweko; ndi bwino kudulitsa potsatira nambala ya kiyi ngati ikupezeka. Za mafuta othira mu loko anati ndipewe oyilo wa injini ndi girisi, amene amasonkhanitsa fumbi, ndigwiritse ntchito ufa wa graphite kapena mafuta opangidwira maloko.

Pali zina ziwiri zazing'ono zimene ndiyenera kutchula kuti ndemangayi ikhale yachilungamo. Nambala zonse zimene ndalemba pamwambazi ndinazilemba ndekha m'kabuku kanga ndili chiimire pambali, chifukwa galajayi sipereka pepala losonyeza zimene zayezedwa ndi zimene zapezeka. Munthu amene angasiye galimoto nkuchoka sangadziwe ntchito yaikulu yofufuza imene yachitika, ndipo sangakhale ndi poyambira vuto likadzabweranso ali kutali. Mmisiri wosamala chotere akudzimana yekha umboni wa luso lake. Chachiwiri, mnyamata amene anabwezera chivundikiro anaiwala sikuluu imodzi, ndipo pulasitiki inkalira pansi pa chiwongolero mpaka ndinabwererako patatha mlungu. Bambowa anapepesa, anaimanga okha, ndipo popeza ndinali nditabwera kale anatenganso multimeter nayeza switchi ija kachiwiri, nakhudza pulagi ndi chala nyali zonse zitayaka kwa mphindi khumi kuti aone ngati ikufunda. Inali yozizira.

Kwa mwini pikiapu kapena galimoto ina yakale ya kiyi wamba amene akuona nyali za pa dashibodi zikuphethira, injini ikuzima popanda chifukwa chooneka, kapena sitata ikuvomera lero nkukana mawa, ntchito ya bambowa ndikuivomereza ndi mtima wonse, bola apemphe kuti aziimbiridwa foni zinthu zikasintha, ndiponso atenge kabuku kolembamo nambala. Kwa amene galimoto yake ili ndi immobiliser, chipangizo chowerenga kachipu ka mkati mwa kiyi chimene chinafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bambowa ananena okha kuti switchi ya magetsi amasintha, koma zokhudza kulembetsa kiyi watsopano mu kompyuta ya galimoto amatumiza kwa ena okhala ndi makina ake. Galimoto yotero ikhoza kulira nkuzima patatha timasekondi tochepa switchi ili yabwinobwino, ndipo iwo amayamba ayang'ana ngati kanyali ka chitetezo pa dashibodi kakuphethira asanamasule kanthu.

M'miyezi isanu imeneyi pikiapu sinazimepo paulendo ndipo sinakanepo kulira, ngakhale m'mawa wozizira kapena itakhalitsa padzuwa. Nyali zoonjezera zija zikuwala kuposa kale, popeza tsopano zikulandira moto wonse wa batire. Chotsala ndi loko, amene bambowa anati akadali bwino koma wayamba kukhwefuka. Anandiphunzitsa kuti nthawi ndi nthawi, galimoto ili yoima ndipo injini ikuyenda, ndizikoka kiyi pang'ono osamupotoza, ndipo tsiku limene adzatuluke ali pa ON ndidzabwere nayo kuti asinthe loko yense, mabawuti othyoka mitu aja atabooledwa. Ndimayesa zimenezi kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, ndipo mpaka pano kiyi akukana kutuluka.